M'mera mpoyamba: zimene mluza wa masiku asanu ungatiphunzitse pa mutu wa respiration



Lero ndabwera ndi nkhani ya m'kalasi la Biology, koma inu a Chichewa, a History ndi a Masamu musathawe, chifukwa kumapeto kwake ikugogoda pakhomo la aliyense. Mfundo yanga ndi iyi: mutu wa respiration timauphunzitsa ngati kuti thupi la munthu limayendera mafuta amodzi kuyambira tsiku loyamba mpaka kumanda. Mwana aliyense wa Fomu 4 mutamudzutsa pakati pa usiku akhoza kukuuzani kuti glucose akakumana ndi okosijeni pamatuluka mphamvu, madzi ndi carbon dioxide. Si bodza ayi. Koma sabata yoyamba ya moyo wa munthu siyenda motero, ndipo ine ndikuti sabata imeneyi tiziiphunzitsa, ngakhale kwa mapiriyodi awiri okha.

Tiyambe ndi ulendo wake. Dzira la mayi ndi kadontho kakang'ono kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Limakumana ndi umuna m'chubu chimene chimachokera kufupi ndi thumba la mazira kupita kuchiberekero. Pakatha tsiku limodzi limagawikana kukhala maselo 2, tsiku lachiwiri maselo 4, lachitatu pafupifupi 8. Cha pa tsiku la 4 maselo aja amakanikizana n'kukhala kampira kamodzi, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene mluza umafika m'chiberekero. Pa tsiku la 5 kapena la 6 mkati mwa kampirako mumatseguka mphako yodzaza madzi, apa ndiye timautcha blastocyst. Sabata ikamatha umayamba kudzikwirira m'khoma la chiberekero. Masiku onsewa mluza sunalumikizike ndi mtsempha wa magazi wa mayi ngakhale umodzi. Ulibe mchombo, ulibe nsengwa. Ukungoyandama m'timadzi ta m'chubu ndi m'chiberekero. Mwana wochangamuka ayenera kukweza dzanja apa n'kufunsa kuti: nanga umadya chiyani?

Yankho linayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1960 pa mbewa za mu labotale ku America. Ralph Brinster, ndiponso John Biggers ndi anzake mu 1967, ankaika mazira ndi miluza ya mbewa m'timadzi momwe muli chakudya cha mtundu umodzi, n'kumaona chimene chikuikulitsa. Dzira longokumana kumene ndi umuna likapatsidwa glucose yekha silinkagawikana. Likapatsidwa pyruvate linkagawikana. Mluza wa maselo 2 unkathanso kukula ndi lactate, koma glucose payekha ankayamba kuthandiza ukafika cha pa maselo 8. Mu 1989 Henry Leese wa pa yunivesite ya York, mogwirizana ndi a chipatala cha Hammersmith ku London, anayeza zimene mluza umodziumodzi wa munthu umatenga m'kadontho ka madzi. Anapeza chithunzi chofanana: masiku oyamba umatenga pyruvate wambiri ndi glucose wochepa, kenako ukamafika pa blastocyst glucose amakwera kwambiri.

Kwa inu amene munatsanzikana ndi Biology kalekale, ndikukumbutseni kuti pyruvate n'chiyani. Selo ikafuna mphamvu kuchokera ku glucose imayamba yamudula pawiri. Kudula kumeneku ndi kumene timati glycolysis. Kumachitikira kunja kwa mitochondria, sikusowa okosijeni, ndipo kumapindula ATP 2 basi. Zidutswa ziwiri zija ndiye pyruvate. Zimenezi zimalowa mu mitochondria, momwe muli njira imene Hans Krebs anaifotokoza mu 1937, ndipo mothandizidwa ndi okosijeni mphamvu yonse yotsala imafinyidwa, kufika pafupifupi ATP 30 pa glucose mmodzi, ngakhale mabuku akale amene akadali m'malaibulale athu amati 38. Kunena mwachidule, glucose ali ngati chimanga cha m'nkhokwe, pyruvate ndi ufa wochokera kuchigayo. Mluza wa masiku oyamba moto uli nawo, mphika uli nawo, koma chigayo chake chikungogwira ntchito mwa apo ndi apo. Umafuna ufa wogayagaya.

Nanga amaugayira ndani? Amayi ake. Dzira limatuluka m'thumba la mazira litazunguliridwa ndi gulu la maselo ang'onoang'ono a mayi, ndipo maselo amenewa amatenga glucose n'kumatulutsa pyruvate ndi lactate pafupi pomwepo. Khoma la chubu nalonso limakonza timadzi toyenera. Mu 1996 David Gardner ndi anzake ku Melbourne anayeza timadzi timeneti mwa amayi, ndipo anapeza kuti pa nthawi imene dzira limatuluka, m'chubu mumakhala glucose wochepa, pamene lactate amachuluka. M'chiberekero glucose amaposa wa m'chubu pafupifupi ka 6. Choncho pamene mluza ukusintha chakudya, ukusinthanso malo, ndipo malo aliwonse ali ndi chakudya chogwirizana ndi msinkhu wake. Ine pamenepa ndimaona kuti mutu wa respiration ndi wa reproduction ndi mutu umodzi, kungoti ife timaulekanitsa ndi miyezi yambiri pa scheme of work.

N'chifukwa chiyani mluza suthamangira glucose poyamba pomwe? Mbali ina ya yankho ndi yakuti masiku atatu oyamba umagawikana koma sukula. Zili ngati kudula buledi mmodzi: zidutswa zimachuluka, buledi ndi yemweyo. Zomanga n'zochepa, choncho mphamvu yofunika nayonso ndi yochepa. Komanso ma gene a mluzawo amakhala asanadzuke. Peter Braude ndi anzake ku Cambridge anasonyeza mu 1988 kuti mwa munthu amayamba kugwira ntchito mwamphamvu pakati pa maselo 4 ndi 8. Isanafike nthawi imeneyo mluza umadalira kamba amene mayi analongeza m'dzira: mapuloteni, timadontho ta mafuta, mauthenga a RNA ndi mitochondria.

Pa mitochondria ndiimepo pang'ono. Dzira limodzi limakhala ndi makope oposa 100,000 a DNA ya mitochondria. Ochepa amene umuna umabwera nawo amaphwanyidwa. Mluza supanga makope atsopano mpaka cha pa nthawi yodzikwirira m'chiberekero, umangogawira maselo ake omwe aja analandira. Izi zikutanthauza kuti mitochondria amene akuwotcha nsima imene mwadya masana ano anachokera kwa amayi anu, iwo anawatenga kwa agogo anu aakazi, mpaka kumbuyo konseko. Ife a kwa Achewa tikhoza kudzitama pang'ono kuti pa nkhani iyi yokha sayansi nayonso imawerengera mtundu m'bele. Koma si nkhani yoseka yokha, pakuti mitochondria akakhala ndi vuto amapatsira ana matenda oopsa a ubongo, mtima ndi minofu. N'chifukwa chake dziko la Britain linakhazikitsa lamulo mu 2015 lolola kuti mayi wotere agwiritse ntchito mitochondria a m'dzira la mayi wina, ndipo mu 2025 madokotala a ku Newcastle analengeza kuti ana 8 anali atabadwa mwa njira imeneyi.

Tibwerere ku tsiku la 5. Kuti mphako ya blastocyst idzaze, maselo a kunja amapopera sodium mkati, madzi n'kumatsatira. Aphunzitsi anzanga mwazindikira kale kuti izi ndi active transport ndi osmosis, mitu imene ana amaiona ngati ya mbatata yoviikidwa m'madzi amchere basi. Mapampu amenewa amadya ATP wambiri. Pa nthawi yomweyo kukula kwenikweni kwayamba, mluza ukumanga mapuloteni, makoma a maselo ndi DNA yatsopano. Umayamba kugwiritsa ntchito okosijeni wochuluka kuposa kale ndipo chigayo chija chimatseguka. Chodabwitsa n'chakuti glucose wambiri amene ukutenga umamusandutsa lactate ngakhale okosijeni alipo. Ife timaphunzitsa kuti lactic acid ndi wa wothamanga amene mpweya wamuchepera m'minofu. Otto Warburg wa ku Germany anaona khalidwe lomweli m'maselo a khansa m'zaka za m'ma 1920. Masiku ano tikudziwa kuti selo imene ikuchulukana mofulumira siiona glucose ngati nkhuni zokha. Imamuonanso ngati njerwa, chifukwa zidutswa zake ndi zimene zimamangira DNA ndi mafuta a makoma a maselo atsopano.

Okosijeni nayenso ali ndi nkhani yake. Mpweya umene tikupumawu uli ndi okosijeni 21 peresenti. M'machubu ndi m'chiberekero cha nyama zimene zinayezedwa, monga akalulu ndi anyani, amakhala pakati pa 2 ndi 8 peresenti. Ngakhale mluza utadzikwirira, zinthu sizisintha msanga. Graham Burton wa ku Cambridge ndi Eric Jauniaux wa ku London anasonyeza kuti magazi a mayi sayamba kuyenda mokwanira mu nsengwa mpaka cha pa sabata ya 10 kapena ya 12. Nthawi yonseyi mwana amadya timadzi tochokera m'khoma la chiberekero, ndipo mtima, ubongo ndi miyendo zimaumbika m'malo a okosijeni wochepa. Chifukwa chake n'chakuti pamene mitochondria akuwotcha chakudya pamathetheka tizinthu towononga DNA, ndipo mluza wanthete sunakhale ndi chitetezo chokwanira. Moto wochepa, utsi wochepa.

Wina akhoza kunena kuti izi ndi zongosangalatsa anthu a m'labotale. Ayi ndithu, pali ana amoyo amene anabadwa chifukwa cha chidziwitso chimenechi. Kuyambira pa 25 July 1978, pamene Louise Brown anabadwa ku Oldham mothandizidwa ndi Patrick Steptoe, Robert Edwards ndi Jean Purdy, madokotala a IVF akhala akulera miluza m'timbale kwa masiku angapo asanaibwezere mwa mayi. Kwa zaka zambiri ankaibwezera pa tsiku la 2 kapena la 3, mwa zina chifukwa yambiri siinkafika bwino pa blastocyst m'timadzi timene tinalipo. M'zaka za m'ma 1990 anayamba kukonza timadzi motsanzira thupi la mayi: toyamba ta glucose wochepa monga m'chubu, tachiwiri ta glucose wambiri monga m'chiberekero. Ena anakonza timadzi ta mtundu umodzi momwe muli zonse pa mlingo woyenera kuti mluza uzisankha wokha. Zipatala zambiri zinatsitsanso okosijeni m'makina olereramo kufika pa 5 peresenti zitaona kuti ana obadwa amachulukirako. Banja limene lakhala zaka 10 likufuna mwana silinganene kuti funso la pyruvate ndi glucose n'lachabe.

Pali mkangano wina umene ndimaukonda chifukwa umasonyeza ana kuti sayansi si katekisimu. Mu 2002 Henry Leese uja ananena kuti mluza wathanzi ndi wofatsa, umene sugwiritsa ntchito mphamvu mopupuluma, pamene wovulala umawotcha zambiri poyesa kudzikonza. David Gardner ndi anzake anapeza mu 2011 kuti pa tsiku la 4 ndi la 5, miluza imene inkatenga glucose wambiri ndi imene inkapereka pakati. Pambuyo pake Leese ndi anzake analemba kuti chofunika ndi mlingo wapakati, wosachepetsa komanso wosapitirira. Mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa chinthu chimodzi: chakudya choyenera, pa mlingo woyenera, pa nthawi yake. Kuchuluka kokha si thanzi.

Tsopano ndifike pa chifukwa chenicheni chimene ndalembera zonsezi. Mluza umene ukuyandama m'timadzi ta mayi umamva mmene thupi la mayiyo lilili, ndipo umasintha kakulidwe kake potengera zimenezo. Mu 2000 gulu la Tom Fleming ku Southampton linapatsa makoswe aakazi chakudya chochepa mapuloteni kwa masiku 4 oyamba okha a bere, kenako n'kuwabwezera pa chakudya chabwino. Ana aamuna amene anabadwa anadzakhala ndi vuto la kuthamanga kwa magazi atakula. Mwa anthu, umboni wodziwika kwambiri ndi wa njala ya kumadzulo kwa Netherlands, kuyambira kumapeto kwa 1944 mpaka May 1945, pa nthawi ya nkhondo. Ana amene njalayo inawapeza ali m'miyezi yoyambirira m'mimba anabadwa ndi sikelo yabwinobwino, koma atakula ambiri anavutika ndi kunenepa kwambiri ndi matenda a mtima kuposa anzawo. Mu 2008, patatha zaka zoposa 60, ofufuza anapezabe zizindikiro pa DNA yawo, pa gene yotchedwa IGF2. Kuno ku Africa, m'midzi ya ku West Kiang m'dziko la Gambia, kumene nyengo ya mvula ndiyo nyengo ya njala, kafukufuku wa mu 2014 anasonyeza kuti zizindikiro za pa ma gene ena a mwana zimasiyana malinga ndi nyengo imene mayi anatenga pakati. Ife amene timadziwa mmene nkhokwe zimakhalira mu January ndi February sitiyenera kuimva nkhaniyi ngati ya kutali.

Onani nthawi yake. Zonse zimene ndafotokoza za sabata yoyamba zimachitika mayi asanadumphe n'komwe kumwezi. Msana ndi ubongo wa mwana zimatseka pofika tsiku la 28, ndipo n'chifukwa chake a zaumoyo amalangiza kuti mayi ayambe kumwa folic acid, mamaikulogalamu 400 patsiku, asanatenge pakati. Mayi wa matenda a shuga amene shuga wake sanatsitsidwe m'masabata oyambawa amakhala pa chiopsezo chachikulu chobereka mwana wolumala ziwalo zina. Bungwe la WHO limalangiza kuyamba sikelo mkati mwa masabata 12 oyamba, koma tonse tikudziwa kuti kumudzi ndi kutauni komwe amayi ambiri amabisa pakati mpaka pataonekera. Ndiye kuti anamwino amakumana ndi mayi nthawi yofunikayi itadutsa kale. Amene amakumana ndi mtsikana ndi mnyamata zaka zambiri nthawiyi isanakwane ndi ife aphunzitsi. Tikapanda kunena ife, anena ndani?

Ndikudziwa zimene ena a inu munene mu staff room. Choyamba, silabasi ndi yodzaza kale ndipo mafunso a MSCE safika kumeneku. Zoona. Koma sindikupempha mutu watsopano. Ndikupempha chitsanzo chimodzi chimene chimamanga pamodzi glycolysis, mitochondria, osmosis, active transport ndi genetics. Mwana amene wamvetsa chifukwa chimene blastocyst imafunira ATP wambiri sangaiwale tanthauzo la active transport m'chipinda cha mayeso. Chachiwiri, wina anena kuti umboni wambiri ndi wa mbewa ndi makoswe. Nazonso n'zoona, chifukwa miluza ya anthu siyeseredwa mwachisawawa, ndipo malamulo amaletsa. Koma pamene inayezedwa, monga ku London mu 1989 muja, inasonyeza njira yomweyo, ndipo kuuza ana kuti umboni uwu ndi wa mbewa pamene uwu ndi wa anthu ndi phunziro labwino pa lokha.

Chachitatu ndi cholemera kwambiri, ndipo ndikuchilemekeza. Nkhani ngati iyi ikhoza kusanduka ndodo yokwapulira amayi. Kwathu kuno mayi akapita padera zala zimaloza iye kale, ndiye tikawonjezera zoti anadya molakwika tamusenzetsa katundu wina. Apa mphunzitsi ayenera kulankhula momveka: miluza yambiri imene imalephera kukula m'masabata oyamba imalephera chifukwa cha kusokonekera kwa ma chromosome, chinthu chimene palibe anachichititsa ndipo palibe akanachiletsa. Komanso zimene mayi amadya sasankha yekha. Amasankha ndi amene amasunga ndalama, amene amagulitsa mtedza ndi nyemba zonse zikangokololedwa, amene amalandira nthuli yaikulu pa mbale, ndi achikulire amene amaletsabe woyembekezera kudya mazira poti mwana adzabadwa wopanda tsitsi. N'chifukwa chake phunziro limeneli si la atsikana okha. Anyamata a kumbuyo kwa kalasi aja ndi amene adzakhale akugawa ndiwo m'nyumba zawo, ndipo ayenera kulimva bwino kuposa wina aliyense.

Kaphunzitsidwe kake sikasowa labotale, choko chikwanira. Jambulani mzere pa bolodi, lembani masiku kuyambira 1 mpaka 7. Pamwamba jambulani mluza mmene ukusinthira, pansi lembani malo amene uli ndi chakudya chimene ukudya. Kenako funsani mafunso atatu, ana akambirane m'magulu. Mluza ukupeza kuti chakudya popanda mchombo? N'chifukwa chiyani kufunika kwa mphamvu kukukwera pa tsiku la 5? Ngati zonsezi zikuchitika mayi asanadziwe kuti waima, kusamalira mwana kuyenera kuyamba liti? Funso lachitatulo musawayankhire. Adzaliyankha okha, ndipo yankho limene munthu wapeza yekha amapita nalo kunyumba.

Kwa inu ana anga akale amene tsopano muli pabanja kapena mukukonzekera, mawu anga ndi ochepa. Ngati mukuganiza zokhala ndi mwana, pitani kuchipatala nonse awiri pakati pasanabwere. Kayezetseni magazi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, funsani za folic acid, ndipo mayi adye zakasinthasintha kuyambira lero, osati mimba ikaoneka. Inu amene muli anamwino ndi madokotala, tithandizeni ndi zimene mukuona m'mawodi kuti zimene tikuphunzitsa zigwirizane ndi moyo weniweni. Aphunzitsi anzanga, ngati mukuona kuti mapiriyodi awiriwa ndi kutaya nthawi, lembani maganizo anu m'munsimu tikambirane. Amene muyesere temu ino, mudzatiuze zimene ana anu anayankha pa funso lachitatu lija.